Chikepe Chafa

Ndine Ok-bun, wa mopu ndi ndowa.
Nyumba yosanja iyi ya ku Busan ndimaidziwa ndi mawondo.
Pansanjika yachitatu Mayi Seok amagulitsa amuna ndi akazi,
pansanjika yachinayi Bambo Pyo amagulitsanso zomwezo,
kungoti awo, ati, ngosefedwa ndi kompyuta.

Sapatsana moni.
Mayi Seok akamata chikwangwani chakuti
"Kukumana kasanu, mtengo wa kanayi,"
sabata isanathe Bambo Pyo amata chawo pamwamba pake:
"Chaka chikatha muli mbeta, tikubwezerani theka."
Selotepi yotsalira pakhoma ndimapala ndine, ndi chikhadabo.

Chimene amaopa onse awiri n'chimodzi:
kamtima kofiira kojambulidwa pamabasi,
kamene achinyamata amasankhirapo anthu pafoni
ndi chala chachikulu,
ngati akusasa nyenyeswa patebulo.

Usiku ndimakhuthula mabini.
Sindifuna kuwerenga, koma mapepala amafunyululuka okha.
Gil-su, zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi,
amakonza injini za maboti.
Pachitatu msinkhu wake ndi 168,
akakwera masitepe makumi awiri wakula masentimita anayi
ndipo amayi ake odwala aja asowa pafomu.
Giredi C, walemba wina ndi inki yobiriwira.
Mi-ryeong, wophikira ana pasukulu ya pulaimale.
"Banja loyamba linatha." Apa adula mzere kunsi kawiri
mpaka cholembera chinaboola pepala.
Giredi C nayenso.
Koma a C okhaokha sawaonetsana:
aliyense amulonjeza B
kuti adzalipirenso mwezi wamawa.

Ine mwamuna anandipezera mayi wina
wogulitsa nsomba ku Jagalchi.
Malipiro ake anali nsapato zamphira.
Anati, "Samwa kwambiri." Linali bodza.
Anati, "Akamaseka amatsinzina." Zinali zoona,
ndipo ndinadya zoonazo zaka makumi atatu ndi zitatu
mpaka tsiku limene anatsinzina osaseka.

Ndiye Lachinayi lina, mvula ikuwaza kuchokera kudoko,
ndinaona m'buku la mlonda
kuti Gil-su akwera sikisi koloko,
Mi-ryeong atsika nthawi yomweyo.
Ndinang'amba katoni ya sopo n'kulembapo: CHIKEPE CHAFA.
Chikepecho chinali moyo ndithu,
chikung'ung'udza kuseri kwa chitseko chake.
Masitepe ndinawanyowetsa ndi thovu
n'kusiya kanjira kouma ka munthu mmodzi.

Anakumana pokhotera.
"Dutsani."
"Ayi, yambani inu."
Ambulera ya bamboyo inakola lamba wa chikwama,
anayesa kumasula, anangokoletsa.
Ndinamva mayiyo akuti, "Manja anu akumveka dizilo."
Uyo anakhala chete kanthawi, kenaka: "Anuwo adyo."
Ine ndimafinya mopu, maso m'ndowa,
mopu wouma kale.

Sindinaitanidwe ku ukwati. Akanandidziwira kuti?
Ndinangoona chithunzi, chisanu chitayamba,
chomwechomwecho pazitseko ziwiri.
Pachitatu: "Banja lathu la nambala 412."
Pachinayi: "Kompyuta sinama."
Tsiku limenelo eni maofesi anakumana pokhotera pomwe paja,
aliyense risiti kumanja, mitsempha ili tolotolo m'khosi,
kulimbirana anthu amene onse anawalemba C.
Zaka zisanu ndi zinayi ndili pano,
kanali koyamba kuwamva akulankhulana.
Bambo Pyo anaterereka pang'ono,
Mayi Seok anawagwira chigongono
n'kuchitaya msanga ngati chawotcha.
Pamenepo sindinathirepo kanthu, ndikulumbira.

Katoni ija ndinaibisa kuseri kwa mabotolo a mankhwala ochapira.
M'mphepete yayamba kufewa ndi chinyezi
koma zilembo zikuwerengekabe.
Pali mnyamata wina wachibwibwi, woyendetsa kireni kudoko,
giredi D pachitatu, pachinayi anam'bwezera fomu.
Amabwera Lolemba, nsapato zopolishidwa mopitirira.
Sindinapezebe wotsika
pa ola limene iye amakwera.
Mawondo akundiwawa,
koma mabini ndikhuthulabe ndekha.